Fanizo Athamangitsa Ngoma ya a Goliati

MUTU 6

1. Dzanja lopepuka

Pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kumtunda kwa msika wa Tsangano, padali makompyuta asanu ndi imodzi. Oyaka adali anayi okha. Awiri enawo adali ofunditsidwa nsalu pakona, kudikira munthu wowakonza amene ankangoti akubwera mawa.

Mwa ana onse a Fomu 3, amene ankaidziwa kompyuta adali Fanizo. Anzake akamasaka chilembo chimodzichimodzi ndi chala ngati nkhuku yotola mapira, iye ankakhala atamaliza kalekale, atapinda manja. Pamenepo padalibe wotsutsa. Vuto la mnyamatayu lidali loti ankadziwa kuti amadziwa, ndipo dzanja lake linkathamanga kuposa mutu wake.

Chaka chimenecho gulu la magule la pasukulupo silinkayenda bwino. Anyamata ankavina ngoma, gule wa makolo awo Achingoni, koma ankavina ngati akuthawa mvula. Akuluakulu akaona ankangopukusa mitu. Ndiye Rute, mtsikana wa m'kalasi mwa Fanizo, adati akapempha agogo ake, a Goliati, kuti adzawaonetse kavinidwe kenikeni.

2. A Goliati avomera

A Goliati adali mlimi wa mbatata ya kachewere, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Kale ndiwo ankatsogolera ngoma m'dera lonselo, koma padapita zaka zambiri osakhudza chishango. Rute adawachonderera masabata atatu, ndipo potsiriza adavomera.

Adabwera Lachitatu masana atavala zikopa, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Mphunzitsi wa makompyuta, mayi Regina Kanjedza, amene ana ankangowatchula kuti Madamu, adaimirira ndi foni yawo kuti ajambule.

"Ndivina kamodzi kokha," adatero a Goliati. "Mukuti makina anuwa amasunga zinthu. Chabwino, asunge. Koma ndikuvinira ana kuti aphunzire, osati kuti mukandiyendetse m'misika. Mwamva kodi?"

"Tamva, agogo!" ana adayankha, ndipo mawu a Fanizo ndiwo adamveka kuposa a onse.

Atsikana adayamba kuomba m'manja. Mkuluyo adakweza phazi lamanja pang'onopang'ono mpaka bondo lidafika m'chiuno. Pamenepo adaima. Phazi lili m'mwamba choncho, adatembenuza chishango, nayang'ana uku ndi uku mwaukali. Ana atayamba kuganiza kuti agogo aiwala chochita, phazi lija lidatsika, di! Fumbi lidangoti koboo. Atamaliza adakhala pamwala akupuma movutikira, uku akusisita bondo.

3. Chenjezo la Madamu

M'mawa mwake Madamu adasandutsa kanemayo kukhala chithunzi choyenda, cha mtundu uja umene ukafika kumapeto umayambiranso wokha. Adachita izi chifukwa makompyuta akalewo ankatsamwa ndi makanema aatali. Atatero adafufuta kanema wa mufoni mwawo, poti malo adali atadzaza. Kenaka adaitana ana kuti azungulire kompyuta.

"Chithunzi choyenda si chimodzi ayi," adayamba Madamu. "Ichi chili ndi tizithunzi makumi asanu ndi limodzi totsatana. Kalikonse kali ndi nambala yake, youza kompyuta kuti kakhale nthawi yaitali bwanji pasikirini kanzake kasanabwere. Nambala ikakula, agogo amayenda pang'onopang'ono. Ikachepa, amathamanga. Ife tikufuna ayende pang'onopang'ono kuti anyamatawa aone pamene phazi limaimira."

Fanizo adagwedeza mutu ngati munthu amene adazimva kale.

"Tsono mvetserani bwino," adapitiriza Madamu. "Pali njira ziwiri zosinthira liwiro. Kabatani aka ka pansipa kamangosintha pamene mukuonera. Mukatseka, zonse zimabwerera m'malo mwake. Ako kagwireni mmene mungafunire. Koma mukalowa mkati n'kusintha manambala, kenaka n'kudina posungira, ndiye kuti mwasintha chithunzi chenichenicho. Lamulo langa ndi ili: musanakhudze manambala, yambani mwakopera chithunzicho pena, muzisewera ndi chokoperacho. Ichi n'chimodzi chokha padziko lonse lapansi, mufoni mwanga mulibenso. Ndikunena kwa nonse, koma makamaka kwa iwe Fanizo. Amene amathyola khasu si waulesi, ndi wojijirika. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ntchito yokopera ndakupatsa iweyo, ndipo uichite lero lomwe."

"Zimenezo n'zazing'ono, Madamu," adayankha Fanizo.

Zidali zazing'onodi, moti tsikulo lidatha osazichita.

4. Lachisanu

Lachisanu masana Madamu adaitanidwa ku ofesi ya ahedi. M'chipinda cha makompyuta mudatsala Fanizo ndi mnzake Cedric, mnyamata wokonda nthabwala amene ankaseka ngakhale pamaliro.

"Aise Fanizo, nanga utachepetseratu manambala aja, agogo aja angatani?" adafunsa Cedric.

"Ukufuna uone?"

Fanizo adatsegula chithunzi chija. Kabatani ka pansi kaja adakadumpha, poti ako kadali ka ana. Adalowa mkati n'kuchepetsa manambala onse. Pasikirini a Goliati adayamba kupalasa miyendo ngati munthu amene walowedwa linthumbu. Anyamata awiriwo adaseka mpaka misozi.

"Onjezera, onjezera!" adatero Cedric.

"Manambala athera pomwepa. Koma dikira, pali njira ina."

Njirayo idali yochotsa tizithunzi tina kuti totsalato tizitha msanga. Fanizo adayang'ana mzere wonse ndipo adaona kuti pakati padali tizithunzi tambiri tooneka tofanana, a Goliati ataima, phazi lili m'mwamba.

"Iti tikungodya malo, palibe chikuchitika apa," adatero, natichotsa tonse makumi atatu.

Tsopano mkuluyo ankangodumphadumpha. Cedric adagwa pampando ndi phwete. Nthawi yomweyo nsapato za Madamu zidamveka pakhonde. Fanizo adathamangira kutseka. Kompyuta idafunsa m'Chingerezi ngati akufuna kusunga zimene wasintha, ndipo dzanja lopepuka lija lidavomera maso asanawerenge.

Adazindikira pomwepo chimene adachita. Koma adadzilimbitsa mtima kuti akonza Lolemba.

Lolemba adapeza kompyutayo itanyamulidwa kupita kuholo, kukonzekera tsiku la makolo lomwe lidali mawa lake, ndipo holoyo idali yokiya. Pakhonde adakumana ndi Madamu.

"Fanizo, chithunzi chija unakopera?"

"Eya, Madamu," adanama.

5. Tsiku la makolo

Lachiwiri holo idadzaza. Amayi adasiya mbatata zawo pamsika, abambo adasiya minda. A Goliati adabwera atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndipo adawakhazika kutsogolo. Ahedi adalankhula nthawi yaitali za ubwino wa makompyuta, kenaka adati makolo aone okha mmene makinawa akusungira chikhalidwe chathu. Adaitana Rute kuti atsegule chithunzicho, poti ndiye adabweretsa agogo ake.

Rute adadina monyadira. Pakhoma loyera padaoneka a Goliati, aakulu kuposa chitseko, akupalasa miyendo ndi kudumphadumpha, chishango chikukupiza ngati phiko la nkhuku yodulidwa khosi.

Adayamba kuseka ndi ana aang'ono. Kenaka anyamata a kumbuyo. Kenaka holo yonse.

"A Goliati alowedwa linthumbu!" adakuwa wina.

Chithunzicho chikafika kumapeto chinkayambiranso, ndipo chikayambiranso anthu ankayambiranso kuseka. Rute adadina apa, adadina apo, koma sichidaime. Chidabwereza kasanu ndi kawiri Madamu asanafike n'kuzimitsa.

A Goliati adatola chipewa chawo, naimirira movutikira, n'kuyamba kutuluka akutsimphina. Njira ya pakati pa mipando idali yaitali, ndipo pamene ankafika pakhomo, m'holomo mudali zii.

"Mwana ameneyu alibe mwambo," adanong'ona mayi wina akuloza Rute. "Agogo ake enieni kuwavula pagulu chonchi?"

Rute adakwirira nkhope m'manja n'kuyamba kulira. Madamu adayang'ana kumene kudakhala Fanizo. Iye adali atazyolika, akuyang'ana nsapato zake.

6. Mawu a mayi

Amayi ake a Fanizo, a Eliza, nawonso adali m'holomo. Pobwerera adayenda limodzi ndi mwana wawo. Atafika pakhomo adatula dengu lawo, nakhala pakhonde.

"Fanizo, tabwera kuno. M'holo muja anthu onse amaseka. Iwe wekha sumaseka. Chifukwa chiyani?"

"Ndimamva mutu, amayi."

"Mutu umenewo ndikuudziwa. Unayamba kuumva uli mwana, tsiku lija unatsegulira mbuzi m'munda mwa eni ake. Ndinakubala ndine, usandinamize."

Fanizo adakhala pansi, nafotokoza zonse. Adayesa kuikapo dzina la Cedric kawiri konse, koma amayi ake adakweza dzanja.

"Za Cedric akanene amake. Ine ndikulankhula ndi wanga. Mwana iwe, ukuwadziwa a Goliati? Pamene bambo ako anamwalira, iwe uli kumsana, a Goliati ndiwo anatsogolera ngoma kumaliro. Anavina kuyambira pakhomo pano mpaka kumanda, dzuwa lili pamutu, osapempha ngakhale madzi. Tsiku limenelo ine ndinaona kuti mwamuna wanga walemekezedwa. Lero ndakhala m'holo muja ndikuona phazi lomwelo likusekedwa, osadziwa kuti wachita zimenezi ndi mwana wa malemu yemweyo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mawa ndikakhala bwanji pamsika? Koma za ine zisiye. Kulakwa aliyense amalakwa. Chimene chandichititsa manyazi n'chakuti mwana wa eni ake amalira pamaso pako, anthu akumunena za mlandu wako, iwe uli phee kuwerenga zingwe za nsapato. Sukulu imene ukuphunzirayo ndi imeneyi? Ngati kompyuta yakupatsa dzanja lothamanga n'kukulanda pakamwa, bola ukanangokhala kuno kumakumba mbatata."

Fanizo adalira. Amayi ake adamusiya alire, osamutonthoza.

7. Chimene sichidabwerere

M'mawa mwake adafika kusukulu belu lisanalire, napita kwa Madamu.

"Madamu, ndine ndinasintha chithunzi chija. Rute sakudziwapo kanthu. Ndipo sindinakopere. Ndinakunamizani."

"Ndimadziwa," adayankha Madamu. "Ndimangodikira kuti ndione ngati ubwera ndi miyendo yako. Ineyonso ndinalakwa pokhulupirira mawu ako osayang'ana ndekha. Khala pansi, ukonze."

Fanizo adatsegula chithunzicho n'kukweza manambala onse. Pakamphindi mtima wake udakhala pansi, poti a Goliati adayambanso kuyenda mwaulemu. Phazi lidayamba kukwera pang'onopang'ono. Koma lisanafike m'mwamba, mwadzidzidzi lidapezeka lili kale pansi, fumbi likufuka. Chishango sichidatembenuke. Maso aukali aja padalibe. Adakwezanso manambala, koma zidangochedwetsa chinthu chodukacho.

"Waona?" adatero Madamu. "Nambala umatha kuibweza. Kachithunzi kamene unachotsa n'kusunga sikabwerera. Madzi akatayika saoleka. Nthawi ya mapemphero ukaima pamaso pa sukulu yonse n'kuyeretsa dzina la Rute. Ukaweruka upite kwa eni ake phazilo."

Fanizo adaima pamaso pa sukulu yonse, mawu akutuluka ngati a munthu wodwala chimfine, nanena zonse. Palibe adaseka. Cedric adabisala kumbuyo kwa anyamata a Fomu 4. Rute sadamuyang'ane n'komwe, koma poweruka adamudikira pageti.

"Njira sukuidziwa," adatero mtsikanayo. "Tiye."

8. Kumunda kwa a Goliati

Adawapeza a Goliati m'mphepete mwa munda, atakhala pampando waufupi, akusankha mbewu ya kachewere. Mwendo wamanja adali atautambasula, ndipo bondo lidali lomangidwa ndi chitenje chakale.

Fanizo adagwada patali pang'ono. "Agogo, ndabwera kudzapepesa. Amene anaononga chithunzi chanu ndine, osati Rute. Ndinakuthamangitsani kuti tiseke ndi mnzanga."

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa a Eliza, a kuseri kwa msika."

Mkuluyo adamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wa malemu Gibson," adatero motsitsa, ndipo Fanizo adalakalaka nthaka itang'ambika. "Chabwino. Wathamangitsa, bweza. Si paja makina anu amatha zonse?"

"Liwiro ndabweza, agogo. Koma ndinachotsamo tizithunzi tina, ndipo sitingabwererenso."

"Unachotsa titi?"

"Ta pamene munaima phazi lili m'mwamba. Ndimaona ngati palibe chimachitika."

A Goliati adaika pansi mbatata imene idali m'manja mwawo. "Taimirira. Kweza phazi lamanja. Kweza ndithu, bondo lifike m'chiuno. Ima choncho."

Fanizo adaima. Posakhalitsa mwendo wamanzere udayamba kunjenjemera. Thukuta lidatsika m'khosi. Adapendama, napalasa manja, n'kugwera mumzere wa mbatata.

"Palibe chimachitika?" adafunsa mkuluyo. "Mwana wanga, kuponda pansi aliyense amatha, ngakhale ng'ombe imaponda. Ngoma ili pamene paja unachotsapo. Mwamuna amaima ndi mwendo umodzi, thupi lonse likufuna kugwa, iye n'kulikaniza. Amayang'ana kumanzere, amayang'ana kumanja, kuti aliyense aone kuti sakuthamangitsidwa ndi munthu. Akatero ndiye amaponda, nthawi imene wafuna yekha. Ine ndinaphunzira kuima kumeneko zaka zinayi, atate anga akundikwapula m'miyendo ndi kamtengo. Inu ana a lero mumaona ngati chinthu chikaima ndiye kuti chafa. Mumafuna zonse zizithamanga. Mbatata iyi ikakhala m'nthaka miyezi itatu, iwe ungati palibe chikuchitika, n'kuifukula? Kundiseka sikunandipweteke kwambiri. Ndakalamba, ndasekedwapo. Chinandipweteka n'chakuti ndinanena pamaso panu kuti musandiyendetse m'misika, ndipo amene anayankha mokweza kuti tamva ndimamukumbukira nkhope yake."

Fanizo adagwadanso, misozi ili mbwembwembwe. "Agogo, ndikhululukireni. Mukangovinanso kamodzi, ndidzajambula bwinobwino. Ndidzakopera katatu. Sindidzakhudza nambala ngakhale imodzi."

A Goliati adawerama n'kuyamba kumasula chitenje chija pang'onopang'ono. Bondo lidali lotupa ngati dzungu, khungu likunyezimira.

"Latupa kuyambira Lachitatu lija," adatero Rute. "Kuchipatala anawauza chaka chatha kuti asadzavinenso. Anavina chifukwa ndinawakakamiza ine."

"Sunandikakamize," adatero a Goliati. "Ndinadziwa kuti mwendo uwu watsala ndi ngoma imodzi. Ndinati ndiipereke kwa ana, makina asunge. Imeneyo ndi imene unachotsa ija, mwana wa Gibson. Ina ndilibe."

Mphepo ya ku Tsangano idaomba m'masamba a mbatata.

Mkuluyo adamanganso bondo lake mosafulumira. Atamaliza adaloza ndi chibwano kumadzulo, kumene mapiri a ku Mozambique amayambira.

"Watsala munthu mmodzi amene amaima monga tinkaimira ife. Ndi mng'ono wanga Jasper, ali kutsidya uko. Papita zaka khumi ndi chimodzi tisakulankhulana, ndipo analumbira kuti wochokera pakhomo panga sadzamupatsa ngakhale mpando. Rute, kalowe m'nyumba unditengere chishango."

Rute adabwera nacho. A Goliati adachipukuta fumbi ndi dzanja, nachiika m'manja mwa Fanizo. Chidali cholemera kuposa mmene chinkaonekera pasikirini.

"Loweruka ukamupatse ichi, ukamupemphe kuti adzavinire ana. Akakufunsa chifukwa chake chili m'manja mwako, ukamuuze zonse ndi pakamwa pako, osachotsapo kalikonse."